Kodi kufatsa kwathu tinabadwa nako? Zokambirana za Amalawi a ku Joni

Bambo a Yamikani (Rosettenville):
Moni nonse abale anga. Pali nkhani yomwe yandikhala pamtima ndipo ndikufuna tithandizane nzeru. Mphwanga amene ndimapenta naye nyumba ndi mmisiri weniweni, khoma lake likauma simungaone pamene burashi inadutsa. Koma mwini nyumba akangofunsa mtengo, mnyamatayu amagwetsa nkhope, mawu n'kutsika, kenako amatchula ndalama yochepera pa imene tinagwirizana tili m'njira. Ndikamufunsa amati, "Achimwene, ife ndife Amalawi, si bwino kuoneka ovuta." Mawu amenewa ndawamva kwa anthu ambiri kuno, amuna ndi amayi omwe. Ndiye ndikufunsa: kufatsa kumeneku tinabadwa nako, kapena tinauzidwa kuti ndife otere mpaka tinakhulupirira?

Che Jafali (Mayfair):
Achimwene, mwanayo musamuweruze. Nkhani apa ndi mapepala basi. Pa Beitbridge amatidindira masiku 30 okha, akatha amenewo munthu umayenda ukucheuka. Wotereyo amadziwa kuti akakangana ndi bwana, foni imodzi yokha, mawa ali ku Lindela kudikira kubwezedwa kumudzi. Amene akugwetsa nkhopeyo akuganizira ana ake amene akudikira ndalama ya ufa. Mupatseni chilolezo chogwirira ntchito muone ngati sadzutsa mutu.

Bambo a Yamikani (Rosettenville):
Che Jafali, n'chifukwa chake ndadabwa. Mapepala ake ali bwinobwino, palibe wapolisi angamugwire. Koma mantha ake ndi omwe aja a munthu wobisala.

Anangozo (Berea):
Zikomo bambo a Yamikani poyambitsa nkhaniyi. Ndisanabwere kuno ndinkaphunzitsa ku pulayimale ku Dedza, ndipo nkhani za mmene maganizo a munthu amakulira ndimazitsata mpaka lero. Mu 1902 katswiri wina wa ku America, Charles Horton Cooley, analemba kuti munthu amadziona kudzera m'maso mwa anzake monga mmene amadzionera pagalasi. Poyamba umaganizira mmene ukuonekera kwa iwo, kenako umaganizira mmene akukuweruzira, ndiye umamva kunyada kapena manyazi. Zikamachitika tsiku ndi tsiku, pamapeto pake umayamba kunena wekha kuti "ine ndine wotere".

Tsopano taonani zimene Mmalawi amamva za iye kuno. Tsegulani Gumtree kapena Facebook muwerenge mmene timadzitsatsira tokha: Mmalawi wokhulupirika, wolimbikira, wosamwa, wofatsa, akufuna ntchito ya m'gadeni kapena ya m'nyumba. Mbiri imeneyi yatidyetsa, sindikuinyoza ayi, mabwana ena amachita kufunsa kuti tikufuna Mmalawi. Koma mnyamata akazindikira kuti amakondedwa chifukwa choti salongolola, amayamba kuopa kuti tsiku limene adzayankhule, kukondedwako kudzatha. Che Jafali akunena zoona kuti kwa ambiri mantha amayambira pa mapepala. Vuto ndi loti mantha akakhazikika, mapepala akabwera iwo sachoka okha.

A Phiri (Turffontein):
Ana anga, izi sizinayambire pa intaneti. Bambo anga anabwera kuno pa Wenela kudzagwira ntchito m'migodi ya golide, ndipo ankatiuza kuti akapitawo ankawayamikira anthu a kwathu chifukwa chomvera. Ndege ija itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, a Kamuzu anaimitsa kulemba anthu a m'migodi kwa zaka zingapo, koma mbiri ija inatsala. Kwathu komwenso, ife amene tinakula pakati pa 1964 ndi 1994 tinkaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kufunsa wamkulu kuti "chifukwa chiyani" kunali kusowa mwambo, nthawi zina kunali kuika moyo pachiswe. Mwana wokula choncho akakhala kholo amapatsira ana ake zomwezo asakudziwa.

Koma ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Musataye ulemu poganiza kuti ndi umene ukutipweteka. Ine ndagwira ulonda ndi udalaivala mumzinda muno mpaka imvi, ndipo ndimavula chipewa poyankhula ndi aliyense, kaya mzungu kaya mwana. Koma ndikavula chipewacho ndimamuyang'ana munthuyo m'maso n'kumuuza kuti malipiro anga aperewera. Ziwirizi zimatheka pamodzi.

Chikondi (Braamfontein):
Agogo, mwandikumbutsa zambiri. Ine ndinabwera kuno ndili wamng'ono, ndipo tinkakhala ku Alexandra pamene zipolowe zija zinayamba mu Meyi 2008, zimene zinapha anthu 62 m'dziko muno. Kuyambira pamenepo amayi anandiuza kuti m'takisi ndisamayankhule Chichewa. Amene mumakwera takisi mukudziwa kuti wokhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala ndiye amalandira ndalama za mizere yonse, kuwerenga, n'kubweza chenji. Mpando umenewo ine ndinkauthawa ngakhale utatsala wokhawo. Ndinkalolera kudikira takisi ina pa Bree, chifukwa ukakhala pamenepo ndalama ikaperewera uyenera kufunsa mokweza m'Chizulu kuti ndani sanalipire, ndipo lilime limakuulula. Pofuna kutsika ndinkadikira kuti wina ayambe waimitsa, akapanda kutero ndinkapitirira n'kubwerera wapansi. Kusukulu aphunzitsi ankalemba pa lipoti kuti ndine mwana wachete. Kenako ndinayamba kuuza anthu ndekha kuti ndine wamanyazi, ndipo m'kalasi dzanja sindinkakweza ngakhale yankho ndikulidziwa. Koma tikapita kumudzi ku Ntcheu pa Khirisimasi, azakhali ankachita kundiletsa kulongolola. Mwana yemweyo, amayi omwewo, kungosintha malo.

Ku yunivesite kuno ndi kumene ndinawerenga za Steve Biko, womenyera ufulu wa anthu akuda. Iye ankanena kuti chida champhamvu kwambiri m'manja mwa wopondereza ndi maganizo a woponderezedwayo. Ankanena za anthu akuda a dziko lino, amene lamulo la Bantu Education la 1953 linawakonzera maphunziro ongoyenera wantchito. Biko anafera m'manja mwa apolisi pa 12 Sepitembala 1977. Chimene chimandikhudza n'choti ena mwa amene amatitcha makwerekwere lero ndi ana a anthu amene anauzidwa kwa zaka zambirimbiri kuti ndi achabechabe. Sindikuwaikira kumbuyo, nkhanza ndi nkhanza, koma ndinasiya kukhulupirira zimene amanena za ine nditadziwa kumene zikuchokera.

Mayi a Tadala (Cosmo City):
Chikondi mwana wanga, wandiliza. Wanga wa giredi 5 wayamba kunena kuti "ine masamu sindingathe, ndine mbuli". Buku la masamu salitulutsa n'komwe m'chikwama, pomwe chaka chatha ankakhoza bwino. Nditamunyengerera anandiuza kuti mphunzitsi wina anamuseka pamaso pa anzake atalakwitsa kuchulukitsa, n'kunena kuti ana obwera amachedwa kumva. Anangozo, ndichite chiyani? Tsiku lililonse ndimamuuza kuti ndi wanzeru koma sizikuthandiza.

Anangozo (Berea):
Pepani kwambiri mayi a Tadala. Mawu a mphunzitsi amalemera kuposa mmene aphunzitsi ambiri amadziwira. Mu 1968 Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pasukulu ina ya pulayimale ku California. Anayesa ana mayeso, kenako anauza aphunzitsi kuti ana akutiakuti nzeru zawo zatsala pang'ono kutseguka. Zoona zake zinali zoti mayinawo anangowasankha mwamaere. Chaka chikutha, ana aja anakwera kuposa anzawo, makamaka a m'makalasi oyambirira. Ofufuza amene anabwera pambuyo pake anapeza kuti mphamvu imeneyi nthawi zambiri si yayikulu ngati mmene anthu anaganizira poyamba, koma imakula kwa ana a m'magulu amene amanyozedwa kale. Ana athu kuno ali m'gulu limenelo. Ndiye choyamba pitani kusukuluko mukaonane ndi mphunzitsi wamkulu, mwaulemu koma mosabisa mawu. Mwana akaona kuti mayi ake anapita kukamuyankhulira, amadziwa kuti iye ndi munthu woyenera kumenyeredwa nkhondo.

Chachiwiri ndi mawu oti "ndiwe wanzeru". Mumawanena mwachikondi, koma mvetserani izi. Mu 1998 Claudia Mueller ndi Carol Dweck anayesa ana a msinkhu wa Tadala yemweyo. Ena atakhoza anawayamikira kuti ndi anzeru, ena anawayamikira kuti alimbikira. Atawapatsa mafunso ovuta, amene anatchedwa anzeru aja anagwa ulesi msanga, ankasankha zosavuta, ndipo ena ananama za malikisi awo. Amene anayamikiridwa chifukwa cholimbikira anapitiriza kuyesa. Mwana akaganiza kuti nzeru ndi chinthu chimene uli nacho kapena ulibe, kulakwa kamodzi kumamuuza kuti alibe. Khalani naye pansi madzulo, muyambe ndi samu imene mukudziwa kuti aitha. Akakhoza mutchule chimene wachita, monga "apa sunaiwale kusunga khumi". Mawa muonjezere yovutirapo pang'ono. M'mera mpoyamba, musadikire kuti afike ku sekondale ali ndi maganizo amenewa.

Mayi a Tadala (Cosmo City):
Zikomo achemwali. Lolemba ndipempha kuweruka msanga ndipite kusukuluko.

Che Jafali (Mayfair):
Achemwali, za ana ndavomera. Koma za ife akuluakulu ndili ndi chikayiko. Mumzinda muno mwadzaza anthu ochititsa misonkhano m'maholo a m'tauni, umalipira pakhomo, iwo n'kumakuuza kuti m'mawa uliwonse uziima pagalasi n'kunena kuti ndiwe wopambana. Anthu amatuluka m'menemo ngongole ili yomweyo, lendi ili yomweyo. Ndikuopa kuti nkhani yathuyi ingathere pouza wosauka kuti umphawi wadzipangira yekha ndi maganizo ake. Bwana amene akulipira R150 pa tsiku ndiye wolakwa, osati mutu wa wantchito.

Anangozo (Berea):
Che Jafali, apo tili limodzi, ndipo ofufuza ali kumbali yanu. Mu 2009 Joanne Wood ndi anzake a pa yunivesite ya Waterloo ku Canada anapempha anthu kuti azibwereza mawu odzitamanda oti iwo ndi anthu okondedwa. Amene ankadzikayikira kale anamva kuipa kwambiri atabwereza mawuwo. Mtima umakana chinthu chimene ulibe nacho umboni.

Chimene chimasintha munthu ndi zochita. Katswiri wina, Daryl Bem, anafotokoza mu 1972 kuti nthawi zambiri timadzidziwa mmene timadziwira munthu wina, poyang'ana zimene wachita. Ukadziona ukukhala chete kawirikawiri, umagamula kuti ndiwe wachete, n'kuiwala kuti chinakutseka pakamwa poyamba ndi mantha a apolisi kapena a m'takisi. Ndi zimene Chikondi wafotokoza zija. Albert Bandura wa ku Stanford, mu 1977, anaonetsa kuti chikhulupiriro choti "ichi ndingathe" chimachokera kwambiri pa zimene unayesapo n'kutheka. Kuona munthu wofanana nawe akuchita kumathandizanso, pomwe kungolimbikitsidwa ndi mawu mphamvu yake ndi yochepa. Ndiye sindikunena kuti wantchito asinthe maganizo kuti bwana amulipire. Ndikunena kuti kupondereza kumalowa mpaka m'kati, munthu n'kufika poganiza kuti R150 ndi imene imamuyenera. Ameneyo ngakhale lamulo lili kumbali yake, sapita kukadandaula.

Nabanda (Diepsloot):
Ndakhala ndikungowerenga koma apa ndiyankhulepo. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Kwa nthawi yayitali ndinkalandira R180 pa tsiku, maola 8, ndipo ndinkathokoza Mulungu kuti ndili ndi pogwira. Mayi wina wa ku Zimbabwe amene timakwerera limodzi takisi ndi amene anandiuza kuti kuyambira mu Marichi 2022 antchito a m'nyumba amayenera kulandira malipiro ochepetsetsa ofanana ndi antchito ena, ndipo pa 1 Marichi 2025 anafika pa R28.79 pa ola. Pa maola 8 inali R230 ndi masenti. Anandiuza kuti iye anafunsa ndipo anamukwezera. Ndinaganiza kuti iye ndi wolimba mtima mwachibadwa, ine ayi.

Komabe ndinayamba kulemba maola anga kuseri kwa kalendala. Tsiku lina nditamaliza kusita, ndinapinda malaya omaliza, ndinatenga pepala lija n'kukaima pakhomo la khitchini. Manja ankanjenjemera mpaka pepala linkachita phokoso. Ndinangoti, "Madamu, ndikupempha tione izi limodzi." Anawerenga, nkhope inasintha, anati akambirana ndi amuna awo. Mwezi wotsatira ndalama inakwera. Koma chimene ndikufuna kukuuzani si ndalamayo. Pambuyo pake amayi a chipereganyu chathu atafuna msungichuma, ndinamva pakamwa panga pakunena kuti "ine ndingathe". Kale ndikanabisala kumbuyo kwa anzanga. Panopa ndine amene ndimakumbutsa ochedwa kupereka, ndipo sindichita chibwibwi.

Che Jafali (Mayfair):
Anabanda, ndakunyadirani. Koma tinene zoona, ena akachita zimenezo amauzidwa kuti mawa usabwerenso. Si madamu onse amene amakambirana ndi amuna awo.

Chikondi (Braamfontein):
Zoona amalume, zimachitika. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo angathe kukadandaula ku CCMA, bungwe lomva mikangano ya pantchito, pasanathe masiku 30, ndipo salipira kanthu. Mu 2008 khoti loona za ntchito linagamula kuti ngakhale munthu amene alibe chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchito pamaso pa lamulo, ndipo dandaulo lake liyenera kumvedwa. Sizikutanthauza kuti nkhani ya mapepala yatha, aliyense ayese yekha kulemera kwake asanapite. Koma ambiri sapita chifukwa choganiza kuti maofesi amenewo si a anthu ngati ife. Amene angafune womuperekeza kapena womuthandiza kulemba fomu, ine Lachisanu sindikhala ndi makalasi.

A Phiri (Turffontein):
Mwakamba za odziona ochepa. Ine ndikufuna ndikambe za mbali ina imene yapha anzanga ambiri. Mwamuna amachoka kumudzi anthu akumuperekeza pa depoti, ndipo kuyambira tsiku limenelo iye ndi "wa ku Joni". Kwawo amamuona ngati mwini ndalama. Iyenso amayamba kudziona choncho. Amajambulitsa ataima pafupi ndi galimoto ya bwana n'kuika pa Facebook, amakongola kuti atumize ndalama ya maliro yoposa ya aliyense, pomwe iye akugona anthu asanu m'chipinda chimodzi chotchinga ndi makatani ku Hillbrow. Ntchito ikatha sanena. Foni ya kumudzi ikalira amangoiyang'ana mpaka isiye. Mwezi umatha, chaka chimatha, kenako manyazi amakula mpaka sangathenso kuimba. Matchona ambiri amene ndinawadziwa sanali anthu oipa mtima ayi. Ankadziona kuti mwamuna wobwerera chimanjamanja si mwamuna, ndiye anasankha kusowa. Ena tinawaika ku manda a kuno popanda m'bale ndi mmodzi yemwe, pomwe amayi awo kumudzi akanawalandira ndi manja awiri ngakhale atabwera ndi jumbo yokha.

Bambo a Yamikani (Rosettenville):
A Phiri, mwakhudza pamene ambirife timabisa. Amuna sitiuzana zimenezi. Tikakumana pa Park Station potumiza katundu, aliyense amati zikuyenda.

Anangozo (Berea):
Zikomo bambo. Wodziona wochepa ndi wodziona bwana onse awiri akuyendetsedwa ndi funso limodzi, loti anthu andiona bwanji. Ndionjezere chinthu chimodzi chofunika. Munthu akafika podziona kuti ndi wopanda pake kwa milungu ingapo, sakugona, sakudya, akudzipatula, kapena akunena kuti bola kufa, imeneyo si nkhani ya khalidwe ayi, ndi matenda a nkhawa ndipo amachizika. Kumuuza kuti "limba mtima, ndiwe mwamuna" kumangomuonjezera katundu. Kuno kuli bungwe la SADAG lothandiza anthu a matenda amenewa, limene lili ndi manambala aulere oimbira, ndipo ku kiliniki ya boma angathenso kumuthandiza.

Che Jafali (Mayfair):
Abale, nkhaniyi yafika pakhomo panga. Pali mnzanga amene timagona chipinda chimodzi. Ntchito inamuthera m'shopu, ndipo kuyambira pamenepo sapitanso ku mzikiti, amangofunda bulangete masana onse. Mkazi wake amaimbira ine kufunsa ngati ali moyo, iye n'kumandikodola kuti ndinene kuti wachoka. Dzulo anandiuza kuti ana ake akhala bwino popanda iye. Ine ndimaona ngati ndi ulesi chabe wa ulova, koma mmene mwafotokozeramu ndachita mantha.

Anangozo (Berea):
Che Jafali, mawu amenewo musawatenge mopepuka. Usiku uno musamusiye yekha. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Ngati m'chipindamo muli mankhwala a makoswe kapena mapilisi ambiri, achotseni. Nambala ya SADAG ndakutumizirani kumbali, muimbe muli naye limodzi. Akavomera kuti akuganizadi zimenezo, musadikire kuti kuche, pitani naye kuchipatala.

A Phiri (Turffontein):
Mwana wanga, nditumizire kumbali pamene mukukhala. Mawa m'mawa ndikwera takisi yoyamba ya m'tauni ndidzamuone. Mwina kwa munthu wa imvi angamasuke. Umuuziretu kuti kukubwera mkulu wina wa kwathu kudzacheza, asadzidzimuke.

Bambo a Yamikani (Rosettenville):
Inenso sabata yamawa ndili ndi nyumba yoti tipale makoma ku Kensington, ndikufunika munthu wina wachitatu kwa masiku angapo. Akapezako bwino, Che Jafali, mumufunse ngati angabwere. Ya takisi ndimutumizira.

Che Jafali (Mayfair):
Zikomo abale anga. Ndikutseka shopu tsopano, ndikupita komweko. A Phiri, ndikuimbirani ndikafika.